Zimene Miyala ya ku Kimbiji Inayankha

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2022, mipope ya mumzinda wa Dar es Salaam inayamba kutulutsa mpweya m'malo mwa madzi. Mvula inali itavuta, mtsinje wa Ruvu umene umamwetsa anthu ambiri mumzindawu unali utaphwa kwambiri, ndipo bungwe loona za madzi la DAWASA linalengeza kuti madera azilandira madzi mosinthana: lero madzi, mawa ayi. Mumzinda wa anthu opitirira 5 miliyoni, anyamata okankha ngolo za zigubu anasanduka mabwana, ndipo mtengo wa chigubu unkakwera monga mmene dzuwa linkakwerera.

Mtsikana wina wa ku Salima, amene ankakhala m'chipinda cha lendi ku Sinza, ankadzuka tambala woyamba kukadikira ngolo pamsewu. Akagula zigubu ziwiri, ankasamba ndi madzi osadzaza ndi beseni lomwe, kenaka n'kukwera basi kupita kuofesi yaing'ono kumene ankaphunzira ntchito. Ntchito yakeyo inali yowerenga miyala imene palibe munthu anaionapo ndi maso, miyala yogona pansi pa mapazi a anthu omwewo amene ankakanganirana zigubu.

Bambo ake ndi wokumba zitsime. Zaka zonse za ubwana wake ankawaona akuyenda m'munda mwa munthu ndi mgwala paphewa, akuyang'ana pamene pamera mikuyu ndi katope, pamene chulu chatalika, pamene udzu umachedwa kuuma. Akafika pamalo powasangalatsa, ankamenya nthaka ndi mgwala katatu kapena kanayi, n'kupendeketsa mutu ngati munthu womvetsera nkhani ya chinsinsi. Nthawi zambiri ankalondola. Koma chaka china, iye ali m'sitandade 6, anakumba mamita 12 pakhomo pa mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndipo m'malo mwa madzi anapeza thanthwe louma gwa. Mwini khomo anafuna ndalama zake zachikole. Zinali zitadyedwa kale, kotero njinga ya pakhomo inagulitsidwa. Kwa chaka chathunthu bamboyo ankayenda wapansi ndi zida pamutu, ndipo nkhani ya chitsimecho sanaitchulenso.

Ataphunzira za miyala ku Chancellor College ku Zomba, mtsikanayu anadabwa kuona kuti makampani akuluakulu ofufuza mafuta amachita zomwezo zimene bambo ake ankachita ndi mgwala: amamenya nthaka n'kumvetsera. Njirayi akatswiri amaitcha seismic, ndipo inayesedwa koyamba m'chaka cha 1921 pafupi ndi Oklahoma City ku America. Mwana akafuula pafupi ndi phiri la Senga, mawu ake amagunda thanthwe n'kubwerera, ndipo phiri likakhala patali amachedwa kubwerera. Pansi pa nthaka zilinso chimodzimodzi. Miyala inasanjikizana m'zigawo, mchenga pamwamba pa dongo, dongo pamwamba pa mwala wa njereza, ndipo paliponse pamene mtundu wina wa mwala wathera n'kuyamba wina wosiyana kulemera ndi kulimba, gawo lina la phokoso limabwerera kumwamba pamene lina limapitirira kutsika. Pamtunda amagwedeza nthaka ndi magalimoto olemera kapena amaphulitsa onga m'maenje aang'ono, ndipo tizipangizo tomvera tambirimbiri timene tazikidwa mumzere timalemba nthawi imene phokoso lililonse labwerera. Panyanja sitima imakoka chingwe cha makilomita angapo chodzaza ndi timakutu totere, kwinaku mfuti za mpweya zikuphulika m'madzi pakapita masekondi ochepa alionse.

Chimene chimatuluka, makompyuta atasefa phokoso losafunika, ndi pepala lalitali la mizere yakuda ndi yoyera, yowerama, yoduka, yolowana ngati mizere ya m'munda umene walimidwa ndi anthu osamvana. Munthu wachilendo amaganiza kuti akuona chithunzi cha pansi pa dziko, ngati kuti wina wadula dziko ndi mpeni. Apa ndi pamene pali msampha woyamba. Pepalalo silionetsa mamita, limaonetsa nthawi. M'mbali mwake mwalembedwa masekondi amene phokoso linatenga kutsika ndi kubwerera. Kuti masekondi asanduke mamita, wowerenga ayenera kudziwa liwiro la phokoso m'miyala yonse imene ladutsamo, ndipo liwirolo silifanana. M'madzi a m'nyanja phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kotero sekondi imodzi papepala ndi mamita 750 akuya. Mumchenga wosalimba limaposa apo pang'ono, pamene m'mwala wa njereza wolimba lingathe kufika mamita 5,000 kapena 6,000 pa sekondi. Wolakwitsa liwiro walakwitsa kuya, ndipo amene amalipira kulakwitsako ndi munthu wobweretsa makina oboolera.

Amene ankamuphunzitsa ntchito anali bambo wachikulire wa ku Tanzania komweko, amene anayamba ntchitoyi makompyuta asanafike m'maofesi. Aliyense ankangowatchula kuti mwalimu. Ngakhale ofesi inali ndi makompyuta, iwo ankakonda kusindikiza mapepalawo, kuwayala patebulo lalitali, n'kuwerama mpaka tsaya kukhudza tebulo, kuti ayang'ane mizere chammbali. Ankati diso likayang'ana motero limaona mzere umene ukupitirira ngakhale pamene ukuoneka ngati watha. Kenaka ankatenga mapensulo amitundumitundu, wachikasu wa mchenga, wobiriwira wa dongo, wofiira wa pamene miyala inathyoka n'kutsetserekana, ndi kutsata mzere umodzi kuchokera kumapeto a pepala mpaka kumapeto ena. Pamene mapepala awiri akudutsana, mzere wachikasu wa pepala lina unayenera kukumana ndi wachikasu wa linzake. Ukapanda kukumana, wina wanama, ndipo ankayambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mwezi wake wachitatu mtsikanayu anapeza phiri. Linali pansi pa nthaka, lokongola, mizere yonse itakwera pakati n'kutsika mbali zonse ngati mbale yovundikira. Maonekedwe otere ndiwo amene ofufuza mafuta amalota, chifukwa mafuta ndi gasi n'zopepuka kuposa madzi, zimakwera m'timipata ta mwala wa mchenga mpaka zitatsekerezedwa ndi denga la dongo, n'kusonkhana pansonga. Anathamanga nalo pepala.

"Mwalimu, taonani ichi!"

Iwo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza osati phirilo koma pamwamba pake, pafupi ndi mutu wa pepala, pamene panali kachigawo kowala.

"Mwana wanga, ichi n'chiyani?"

Unali mwala wa njereza, wotsala wa matanthwe akale a m'nyanja, amene ali ambiri m'gombe limeneli. Phokoso lodutsa m'mwalawo linathamanga kwambiri, linabwerera msanga, ndipo zonse za pansi pake zinaoneka ngati zakwera. Phiri lake linali la papepala pokha. Mwalimu sanamuseke. Anangoti zitsime zambiri zodula zakumbidwa pa mapiri otere m'maiko ambiri, ndipo anamupatsa labala.

Pakhoma la ofesiyo panali mapu a gombe la Tanzania okhala ndi timadontho ta zitsime za gasi, ndipo tsiku loyamba iye anaseka yekha ataona dontho lina pakati pa nyanja ya Indian lolembedwa kuti Chewa-1. Sanali Achewa a kwa Kalonga Gawa Undi. M'Chiswahili chewa ndi nsomba yaikulu ya m'matanthwe, ndipo makampani a BG Group ndi Ophir, amene anapeza gasi pamenepo m'chaka cha 2010, ankatcha zitsime zawo maina a zamoyo za m'nyanja: Pweza, Chewa, Chaza, Jodari. Kampani ya ku Norway ya Statoil, imene tsopano ndi Equinor, inasankha zokometsera ndiwo: Zafarani ndi Lavani mu 2012, Tangawizi mu 2013. Zonsezi zinaonedwa kaye pa mizere ya phokoso. Gasi akalowa mumchenga amachedwetsa phokoso kwambiri, kotero malire ake amawala papepala kuposa mizere ina, ndipo nthawi zina pansi pake pamaoneka kamzere kowongoka bwino, pamene gasi wathera n'kuyamba madzi. Komabe gasi wochepa kwambiri, wosapindulitsa aliyense, amathanso kuwala chimodzimodzi. Chitsime chimodzi cha m'nyanja yakuya chimadya madola mamiliyoni makumimakumi, ndipo mpaka chitsulo chitafika pamwalawo, zonse ndi maganizo a munthu wogwira pensulo.

Kupeza chinthu n'kosiyana ndi kuchifikitsa kwa anthu. Kampani ya ku Italy ya AGIP inapeza gasi pa chilumba cha Songo Songo m'chaka cha 1974, koma anadzafika ku Ubungo kudzapanga magetsi a mzindawu mu 2004, patapita zaka 30. Wa ku Mnazi Bay anapezeka mu 1982, ndipo pamene boma linaganiza zomuyendetsa m'paipi kupita ku Dar es Salaam, anthu a ku Mtwara anachita zionetsero zoopsa mu 2013, pofunsa chimene iwo adzatsale nacho. Paipiyo inatsegulidwa mu 2015.

Koma nkhani imene inamugwira mtima mtsikanayu sinali ya gasi. Kumwera kwa doko, kutsidya la mlatho wa Nyerere umene unatsegulidwa mu 2016, kuli dera la Kigamboni, ndipo kupitirira apo kuli Kimbiji. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunabooledwa zitsime zakuya zofufuzira mafuta, ndipo mizere ya phokoso inajambulidwa m'dera lonselo. Mafuta ogulitsa sanapezeke. Mapepala anapindidwa n'kusungidwa ku bungwe la boma loona za mafuta la TPDC, ndipo kwa ofufuzawo nkhani inathera pomwepo. Maso awo anali pa makilomita awiri, atatu, anayi pansi. Zimene zinali kumutu kwa pepala zinali ngati khonde lodutsa polowa m'nyumba.

Patapita zaka zoposa 20, katswiri wa madzi a pansi wa ku Norway, a Fridtjov Ruden, anatsegula mapepala omwewo ndi funso lina. Iwo sankafuna mafuta. Anayang'ana khonde lija, ndipo anaona zigawo zochindikala za mchenga zosinthana ndi dongo, zimene mitsinje yakale inatsanulira m'gombe kwa zaka mamiliyoni, zopendekera kunyanja. Zolembedwa za m'zitsime zakale zija zinasonyeza kuti madzi a m'mchengawo sanali amchere. Pamene anaboola zitsime zoyesera mpaka mamita 600, madzi abwino anakwera okha mpaka kutumphukira pamwamba, chifukwa mvula yogwa kumtunda imalowa mumchengawo n'kupanikizidwa pansi pa dongo. Zotsatira zake anazifalitsa mu 2007. Madzi saiwala khwawa, ngakhale khwawalo litakwiriridwa ndi mamita mazanamazana a dothi.

Apa munthu sangalephere kudandaula pang'ono. Chuma chimenechi chinagona m'kabati zaka zonsezo pamene amayi a mumzindawu ankatunga m'zitsime zosaya zoyandikana ndi zimbudzi, ndipo kolera ankabwera mobwerezabwereza. Palibe amene anabisa kanthu. Kungoti amafuta ndi amadzi ankakhala m'maofesi osiyana, ndipo mapepala a awa sankafika patebulo la awo. Ngakhale madziwo atadziwika, panapitanso zaka zambiri. Zitsime za ku Kimbiji ndi ku Mpera zinabooledwa, koma ntchito ya madzi ya Kigamboni, yopereka malita 70 miliyoni pa tsiku, inadzatsegulidwa ndi Pulezidenti Samia Suluhu Hassan mu Novembala 2022, chilala chija chili pakati. Ndipo nkhokweyi njosafunika kuiseweretsa: mchengawo umapitirira pansi pa nyanja, kotero kupopa mopyola muyeso kungakokere madzi amchere kumtunda, ndipo mchere ukalowa sutuluka msanga.

M'masiku omwewo kuofesi kunafika komiti ya mpingo wina umene unali kumanga sukulu yogonera komweko kumwera kwa Kigamboni. Zitsime zawo ziwiri zosaya zinatulutsa madzi oti ngakhale sopo sankachita thovu. Anamva kuti pansi kwambiri pali madzi abwino, ndipo anasonkha ndalama zokwanira kuboola mamita 400. Funso lawo linali limodzi: kodi zikwana?

Mwalimu anapereka ntchitoyo kwa mtsikanayu. Mzere umodzi wakale unadutsa pafupi ndi malo a sukuluyo, koma unajambulidwa ndi anthu ofuna zakuya, kotero kumutu kwake kunali kosaoneka bwino, ngati chithunzi chojambulidwa kudzera m'galasi lafumbi. Anatha masabata awiri akutsata mchenga kuchokera pa chitsime chodziwika, tsaya patebulo, kudutsa malo awiri pamene miyala inathyoka. Pansi pa sukuluyo denga la mchenga wochindikala linali pa sekondi 0.4. Theka la nthawiyo ndilo ulendo wotsika. Ngati liwiro linali mamita 1,800 pa sekondi, mchenga unali pa mamita 360, ndipo ndalama zinali zokwanira. Ngati linali 2,200, unali pa mamita 440. Manambala onse awiri anali otheka, ndipo panalibe chitsime chapafupi choti chimuuze loona.

Wapampando wa komitiyo anali mayi wachikulire amene anaphunzitsa ana moyo wake wonse, ndipo sankakonda mayankho awiri pa funso limodzi.

"Mwana wanga, ife takulipirani kuti mutiuze nambala. Tikabwerera kumpingo tikanene chiyani?"

"Amayi, ndikanena 380 mukondwera lero. Koma makina akafika pa 400 muli dongo lokhalokha, ndalama zatha, mudzatsala ndi dzenje."

Anayang'ana mwalimu kuti amuthandize, koma iwo anali kusongola pensulo. Kalata imene iye anasaina inanena kuti mchenga uli pakati pa mamita 360 ndi 440, ndipo inalangiza kuti asayambe kuboola asanapeze ndalama za mamita 450. Komiti inatuluka yosakondwa. Kusonkhanso kunatenga miyezi isanu, ndipo sukulu sinatsegulidwe mu Januwale monga anakonzera. Ana ena amene makolo awo anali atalembetsa kale anapita kwina. Usiku iye ankawerengeranso masamu aja pafoni, akudzifunsa ngati mantha a njinga ija ndiwo analemba kalatayo.

Anaimbira bambo ake Lamulungu lina, n'kuwafotokozera zonse. Iwo sanamve za masekondi, koma anamva za chikole. Kenaka, monga amachitira akafuna kuchotsa mwana pa nkhawa, anasintha nkhani n'kufunsa ngati makina amenewo angamvenso pansi pa nyanja yathu. Iye anawauza kuti anamva kale. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Duke University anayenda pa nyanja ya Malawi ndi kaboti kotchedwa Nyanja, ndipo anapeza kuti chakumpoto matope ndi mchenga zinaunjikana makilomita opitirira anayi pamwamba pa thanthwe. Pa mizere yotere panaonekanso mathiriro a mitsinje yakale pamalo amene lero ali pansi pa madzi akuya, ndipo pamene asayansi anaboola pansi pa nyanjayo mu 2005, dothi linatsimikiza kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo madzi anatsikapo ndi mamita opitirira 500.

"Ndiye kuti munthu akanayenda wapansi kuchoka ku Senga mpaka tsidya?"

"Akanayenda, ababa."

Anakhala chete, kenaka anaseka, nati asodzi asauzidwe zimenezo.

Makina anafika m'mwezi wa Meyi. Iye anapempha kuti akhalepo, ndipo ankagona m'kalasi yosamalizidwa. Pa mamita awiri alionse wothandiza woboola ankatapa zotuluka m'dzenje ndi sefa n'kuziika pansi m'timilu, mzere ndi mzere, kotero kuti munthu ankatha kuyenda m'mbali mwake akuwerenga dziko kuchokera pamwamba kutsika. Panali timichenga topyapyala apo ndi apo, tosakwanira kumwetsa sukulu. Pa mamita 360 linali dongo lotuwa. Pa 380, dongo. Pa 400, pamene ndalama zoyamba zikanathera, mayi wapampando anaima pa kamulu komaliza, anakapsinya ndi chala, sananene kanthu. Tsiku lotsatira masana kulira kwa makina kunasintha, chitsulo chinayamba kutsika mofulumira, ndipo woboola anatembenuka n'kukweza dzanja. Pa mamita 418 m'sefa munatsala mchenga wokhakhala, woyera, wosakanikirana ndi timiyala tosalala ngati nyemba.

Atatsuka chitsime, madzi anakwera okha mpaka kutsala mamita ochepa kufika pamwamba. Sanatumphuke monga ena ankayembekezera, kotero panafunikabe pampu. Anthu akuimba, iye anatunga m'kapu, analawa kaye ndi nsonga ya lilime kufunafuna mchere, kenaka anadzaza mabotolo opita kukayezedwa. Botolo lina laling'ono anathiramo mchenga.

Pa Khirisimasi anakwera basi ya ku Mbeya, anawoloka malire pa Songwe, natsika ndi nyanja kudzera ku Karonga ndi Nkhotakota mpaka kwawo. Madzulo, atatha kudya, anatulutsa kabotolo kaja. Bambo ake anakhuthulira mchengawo m'dzanja, anaupukusa ndi chala chachikulu, anaununkhiza, anatola kamwala kamodzi n'kukayang'anitsitsa pa kuwala kwa nyali.

"Uwu ndi mchenga wa mumtsinje uwu. Wayenda ulendo wautali, taona mmene wasalalira. Wati mamita angati?"

"418, ababa."

Anawerengera chamumtima, mwina poyerekeza ndi zingwe zawo za mamita 15.

"Nanga mtsinje wake uli kuti?"

Iye anasendeza mbale, anasalaza dothi la pakhonde ndi dzanja, natola kamtengo kuti ayambe kujambula.